Mazinga Awiri ndi Theka

Ndinatipeza m'thumba la ovolosi Lolemba m'mawa, nditawerama pa beseni kuseri kwa nyumba. Tizinyenyeswa tonyezimira, topotana ngati tsitsi la khanda. Kamodzi kanandibaya pansi pa chikhadabo. Ndinakazula ndi mano ndikutukwana, kenaka ndinakaika pachikhatho n'kukayang'anitsitsa.

Sikanali ka paipi. Paipi ya mawaya ndi chitsulo cholimba, sinyenyeka chonchi. Aka kanali kofewa, kotuwa, ka aluminiyamu. Ndipo pa ntchito yonse imene tinagwira Loweruka, za aluminiyamu zinali mabokosi okha.



Amayi anga amagwira ntchito pafakitale ya penti, m'chipinda chosakanizira. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akupuma thinazi, mankhwala osungunulira penti, moti ngakhale asambe bwanji pilo wawo amanunkha ngati chitseko chopentedwa kumene. Fakitale itagula makina atsopano, ntchito yoika magetsi inapatsidwa kwa kontirakitala wakunja. Amayi anapita kwa kapitawo wake, n'kumupempha mochita kupinda mawondo kuti anditenge. Ine mapepala ndilibe. Zamagetsi ndinaphunzira pafoni ndi m'buku lopanda chikuto limene ndinagula m'mbali mwa msewu. Koma ndimadziwa, ndipo chimene chimandiwotcha mtima n'chakuti ndimadziwa kuposa ambiri amene ali ndi mapepalawo.

Ntchito yanga inali mabokosi asanu ndi limodzi a mabatani, oyatsira ndi kuzimitsira makina. Si mabokosi wamba. Ndi olemera, okhuthala ngati mphika wachitsulo. Mpweya wa thinazi umalowa ndithu m'bokosi lotero, ndipo batani likadinidwa m'kati mumathetheka. Mpweyawo ukhoza kuyaka momwemo. Ntchito ya bokosi ndi kuumeza motowo kuti usatulukire m'chipinda. Khomo lokhalo limene moto ungayese ndi pamene paipi ya mawaya imalowera, ndipo pamenepo pamatsekedwa ndi cholumikizira cha mazinga, timizere tozungulira ngati ta pa bawuti. Moto ukamazungulira m'mazingamo umazizira, n'kufa usanafike kunja. N'chifukwa chake buku langa limati cholumikizira chizilowa kasanu kathunthu, osachepera. Ine ndikamamanga ndimawerenga. Ndi chizolowezi changa, milomo imayenda yokha.

Loweruka lija cholumikizira choyamba chinalowa kawiri ndi theka, n'kuuma gwa.

Ndinamasula, ndinapukuta, ndinayambiranso. Kamodzi, kawiri, theka. Gwa.

"Kamoto, ukupemphera kapena ukugwira ntchito?" anafunsa Kapitawo ali pa makwerero. Kamoto ndi dzina limene anandipatsa amayi ndili mwana, chifukwa cha mtima wanga wapachala, ndipo linanditsatira mpaka kuntchito.

"Abwana, chikukana. Chikungolowa kawiri ndi theka."

"Chikauma ndiye kuti chagwira. Pita pa china."

"Koma zimafunika kasanu. Mwina mazingawa ndi osiyana."

"Wakuuza ndani?"

"Buku."

"Buku!" Anatembenukira kwa anzanga amene ankakoka mawaya. "Mwamva, akuluakulu? Tili ndi pulofesa. Ine zaka makumi awiri ndikumanga zimenezi, lero andiphunzitse wa buku la pamsewu. Vuto si mazinga, mwana iwe. Vuto ndi timanja tako ta sopoto. Ngati chakukanika nena, ndiitane mwamuna."

Anaseka onse. Wina anachita kukhala pansi.

Makutu anga analira. Ndinatenga bobojani, ndinatola chidutswa cha paipi chotalika ngati mkono, ndinachilowetsa kuchigwiriro kuti mphamvu ichuluke, n'kukankha ndi thupi lonse. Chinayenda. Chinkalira ngati mano a munthu wogona, koma chinayenda. Katatu. Kanayi. Penapake ndinamva kaphokoso kakang'ono, tswa, ngati wina wathyola kamtengo ka machesi m'chipinda china. Sindinaime. Ndinamanga mabokosi onse asanu ndi limodzi chomwecho, thukuta lili kamukamu, ndikumuyang'ana Kapitawo m'maso.

"Aha," anatero. "Kani mphamvu zilipo, zimangofuna kutukwanidwa."

Pansi pa bokosi lililonse panagwa tizinyenyeswa. Ndinatisesa ndi dzanja n'kutiponya m'thumba. Ndinadziuza kuti ndikusamala ukhondo. Kapitawo anasaina pepala lakuti ntchito ili bwino, tinalongedza, tinapita.

Tsopano ndinali pa beseni, tizinyenyeswa tili pachikhatho, ndipo kaphokoso kaja kanabwerera m'khutu. Tswa.

Ndinathamangira m'nyumba manja ali thovu lokhalokha. M'chikwama cha zipangizo munali cholumikizira chimodzi chotsala. Ndinapukuta girizi ndi chala chachikulu. Pambali pake panadindidwa tizilembo: 1/2 NPT. Ndinatsegula foni. Loweruka ndinajambula bokosi limodzi kuti ndionetse anzanga, ndikudzitama. Ndinakulitsa chithunzicho mpaka chinayamba kuchita mbuu. Pakamwa pa bowo panalembedwa M20.

Sindinafunikenso kutsegula buku. Tsambalo ndimalidziwa pamtima, ndipo ndinkalidziwa Lowerukanso. NPT ndi mazinga a mainchesi, osongoka, opita nakula ngati karoti. M20 ndi a mamilimita, owongoka kuyambira pakamwa mpaka m'kati. Pamaso amafanana ngati mapasa. Amalonjerana kawiri, kenaka amalumana. Ukakakamiza, chitsulo chimadya aluminiyamu, mazinga a bokosi amatha, ndipo pakamwa pake pamang'aluka ngati chikuni cholowetsedwa mphero.

Ndinayang'ana nthawi. Inali itatsala mphindi khumi kuti ikwane eyiti.

Amayi amalowa seveni. Amayatsa makina migolo idakali yotseka, mpweya uli woyera. Kenaka amatsegula migolo, amathira, ndipo chipinda chimadzaza fungo. Penti woyamba amatakasika ola ndi theka. Hafu eyiti amazimitsa makina ndi chigongono, chifukwa magolovesi amakhala ali penti yekhayekha, n'kupita kukamwa tiyi. Ndakhala ndikumva zimenezi kuyambira ndili wa yunifolomu. "Hafu eyiti ndimakhala munthu," amatero.

Ndinaimba foni yawo ngakhale ndinkadziwa. M'chipinda chija simulowa foni, imatsala m'loka pamodzi ndi ndolo ndi makiyi. Inaitana mpaka kutopa.

Ndinaimbira Kapitawo.

"Abwana, zolumikizira zija n'za mainchesi. Mabokosi ndi a mamilimita. Tawang'alula."

"Ndani uyu?"

"Ndi Kamoto. Imbani kufakitale aimitse ntchito. Inu akumverani."

Kumbuyo kwake kunkamveka galayindala ikudula chitsulo.

"Ntchito ija inatha," anatero pang'onopang'ono. "Makina ayaka m'mawa uno, palibe wadandaula."

"Amayi anga ali m'menemo!"

"Ndiye uganize bwino usanatsegule pakamwa. Bobojani anagwira ndani? Ine sindinakhudze bokosi ngakhale limodzi. Anthu anayi anakuona."

Anadula.

Nambala ya ofesi ya fakitale inandiimbira nyimbo. Ndinavala nsapato za ntchito osamanga zingwe, ndinasiya chitseko pululu, n'kuthamangira kumsewu. Wanjinga yamoto amene ananditenga anandifunsa kawiri ngati kuli maliro. Ndinamuuza kuti akapanda kuthamanga malirowo akhalakodi. Pamphambano ya magetsi ofiira ndinamumenya pamsana mpaka anadutsa. Maso anga anali kumwamba, pamwamba pa madenga a mafakitale, kufunafuna utsi wakuda. Kunali mitambo yokha. Ndinkawerenga mitengo ya magetsi kuti mutu usaganize, koma nthawi zonse ndikafika pa awiri ndinkasokonezeka.

Pageti ndinafika itakwana eyiti ndi mphindi makumi awiri.

"Ee, mwana wa amayi a penti," anatero mlonda akumwetulira. "Mwaiwala chiyani?"

"Achimwene, nditsegulireni. Chipinda chosakanizira chiphulika."

"Chiphulika?" Anaseka pang'ono, kenaka anatenga khadi langa n'kuliyang'ana mbali zonse. "Ili linatha Loweruka, achemwali. Dikirani ndiimbire kuofesi, abwere akutengeni."

"Nthawi palibe!"

"Malamulo si anga. Mukufuna andichotse ntchito?"

Anatembenuka kuti atenge foni ya pakhoma. Ndinawerama n'kudutsa pansi pa chitsulo chotchinga magalimoto. Anakuwa. Ndinamva nsapato zake kumbuyo kwanga, ndi wezulo, koma bamboyo ali ndi mimba ndipo ine ndinali ndi mantha. Ndinadutsa pakati pa milu ya zitini, ndinalumpha paleti, ndinakhota pa mpopi wozimitsira moto.

Chipinda chosakanizira chili ndi zitseko ziwiri, ndipo pakati pake pali kachipinda ka benchi. Pachitseko chachiwiri pali galasi. Ndinawaona. Amayi anali atawerama pa thanki, chophimba mphuno kumaso, akuyang'ana penti wobiriwira akuzungulira. Mnzawo wa ntchito, mayi wamtali amene onse amamutcha Wayilesi chifukwa pakamwa pake sipazima, ankakoka mgolo. Migolo inayi inali yotsegula.

Ndinamenya galasi. Phokoso la makina ndi la fani yokoka mpweya linameza zonse. Amayi anayang'ana wotchi ya pakhoma, anawongoka, n'kuyamba kupukuta magolovesi pa epuloni.

Ndinaponya foni pa benchi. Nsapato zanga zili ndi chitsulo kutsogolo ndi misomali yotulukira pansi, yokhoza kuthetheka pa simenti. Ndinazivula n'kulowa chopanda nsapato.

Fungo linandimenya ngati khofi. Maso anayamba kutuluka misozi nthawi yomweyo. Amayi anali atatsala mapazi atatu kuti afike pa bokosi, chigongono chili m'mwamba. Ndinathamanga n'kuima pakati pa iwo ndi batani, manja nditatambasula.

"Musadine!"

Anadzidzimuka mpaka kubwerera m'mbuyo. Anakokera chophimba chija pachibwano.

"Kamoto! Wapenga? Walowa bwanji muno? Nsapato zili kuti?"

"Amayi, musakhudze batani lililonse. Ngakhale lozimitsa. Makamaka lozimitsa."

"Taonani zanu izi, anzanga," anatero Wayilesi akufika, manja m'chiuno. "Mwana wanu wabwera kudzatiyendera wopanda nsapato ngati wothawa ukwati. Iwe, penti uyu akapitirira nthawi atentha, ukamuuza ndiwe bwana?"

"Mabokosiwa ndi ong'aluka, azakhali. Mukadina, moto utulukira pa paipi."

"Ong'aluka bwanji, atsopano?" anafunsa amayi. "Si unamanga ndiwe?"

"Ndinamanga ndine."

Anandiyang'ana m'maso, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono, monga imasinthira penti akathiramo mtundu wina.

Ndinatembenuka kuti ndiwaonetse, ndipo ndi pamene ndinaona choopsa kuposa chimene ndinathamangira. Makina akamatakasa, khoma lonse limanjenjemera. Ola ndi theka la kunjenjemerako linali litagwira ntchito yake. Mng'alu unkaoneka ndi maso, kuchokera pakamwa pa bowo kutsika ngati tsitsi. Cholumikizira chinali chitatuluka, chikungolendewera pa zinga limodzi, ndipo paipi yonse, yotalika kuchokera kudenga, inkavina. Pampata pake ndinaona waya wofiira ukukhuzana ndi mano a aluminiyamu amene ndinawasiya ine. Chikopa cha wayawo chinali chitayamba kuyera.

Paipiyo ikagwa, ikadula wayawo, sipafunikanso wina wodina batani.

Ndinaigwira ndi manja awiri n'kuikankhira kubokosi. Inkanjenjemera mpaka m'mano mwanga.

"Azakhali Wayilesi, thamangani kwa a Magalasi." A Magalasi ndi wamagetsi wa fakitale, bambo wachikulire amene Loweruka sanabwere chifukwa anali kuchipatala ndi mkazi wake. "Muwauze azimitse makina ndi mabatani ake pa bolodi la magetsi la kunja. Fani asaikhudze. Mwamva? Fani isazime!"

Kwa nthawi yoyamba chibadwire, Wayilesi sanayankhe. Anangotuluka.

"Amayi, inunso tulukani."

Anabwezera chophimba kumphuno, anapita pa mgolo woyamba, n'kunyamula chivundikiro.

"Amayi!"

"Khala chete, gwira chinthu chakocho."

Anavundikira mgolowo pang'onopang'ono, osagunditsa chitsulo pa chitsulo, n'kukanikiza ndi zikhatho. Anapita pa wachiwiri. Ndinkawayang'ana ndi diso limodzi, lina lili pa waya. Mikono inayamba kuwawa. Pansi pa simenti panali pozizira ndi ponata, ndipo mutu unayamba kupepuka ngati ndamwa. Pagalasi la chitseko panaonekera nkhope ya mlonda, wezulo ali pakamwa, maso ali tong'o. Sanalowe.

Kenaka phokoso linasintha. Kulira kwa pamwamba kuja kunatsika, kunatsika, n'kutha. Makina ankatakasabe.

A Magalasi anali atazimitsa fani.

Ndinadziwa chifukwa chake nthawi yomweyo. Mayina a pa bolodi analemba ndi Kapitawo, mothamanga, Loweruka madzulo anthu atayamba kale kuvula maovolosi, ndipo anali atawasinthanitsa. Ndinakuwa, koma ndani akanandimva? Mpweya unaima. Fungo limene linkakwera kudenga linayamba kutsikira pa ife, lolemera, lotsekemera moipa. Pamwamba pa thanki pankaoneka kuwerima ngati pamsewu wa tala dzuwa likaswa mtengo. Paipi inandipulumuka pang'ono m'manja a thukuta, ndipo ndinamva wayawo ukukhuza, khwee.

"Amayi, chonde. Pitani. Ndikukupemphani."

Anali pa mgolo wachitatu. Sanacheuke.

"Ndinakubereka ndekha pa bedi la chitsulo magetsi atazima," anatero mawu ali m'chophimba. "Usandiphunzitse nthawi yothawa."

Anavundikira wachinayi. Kenaka anabwera, anavula chophimba chawo, n'kuchiika pamphuno panga. Chinkanunkha mafuta awo odzola. Anaima kumbuyo kwanga, anapisa mikono pansi pa mikono yanga, n'kugwira paipi pamwamba pa manja anga. Ndinamva mtima wawo ukugunda pamsana panga. Unkathamanga kuposa wanga.

"Ukamamanga umawerenga, si choncho?" anandinong'oneza. "Werenga."

Ndinawerenga. Sindikudziwa kuti ndinkawerenga chiyani. Ndinadutsa awiri, ndinadutsa asanu. Pa makumi atatu ndi anayi fani inatsokomola, n'kuyamba kulira. Pa makumi anayi ndi mphambu imodzi makina anadzuma ngati ng'ombe, penti anazungulira kawiri, n'kuima. Kanyale kobiriwira ka pa bokosi kanazima.

Sitinasiye paipi. Tinaigwirabe mpaka a Magalasi analowa, magalasi awo ali pamphumi, n'kuika choyezera magetsi pa mawaya, kamodzi, kawiri, katatu.

"Zafa," anatero. "Siyani, amayi. Siya, mwana wanga."

Zala zinakana kuwongoka. A Magalasi anachita kuzimasula okha, chimodzichimodzi. Paipi inagwera pambali yokha, popanda woikoka.

Masana bokosilo linali pa tebulo la m'wekishopu. Panali a manijala ndi kope lawo, a Magalasi, amayi, Wayilesi amene mawu anali atamubwerera ndipo anali atafotokozera kale fakitale yonse katatu, ndi Kapitawo amene anachita kumuitanitsa. A Magalasi anatsegula chivundikiro. M'kati munatuluka fungo la thinazi ngati mwatsegula botolo. Anapisa chala m'bowo n'kuchionetsa a manijala. Munali mosalala, mazinga onse atadyeka. Pa waya wofiira panali potumbuka, mkuwa ukusuzumira.

"Mabokosi anayi mwa asanu ndi limodzi ndi ong'aluka," anatero. "Enawo ali ndi mwayi chabe. Pakanafunika adaputa, kachitsulo kakang'ono, mbali ina mainchesi, mbali ina mamilimita. Kapena kungobweretsa zolumikizira zoyenera."

"Ine ndinadabwa kale ndi mwanayu," anayamba Kapitawo, mawu ake ofewa ngati a m'busa. "Ndinamutenga chifukwa cha chisoni, mayi ake atandipempha. Mapepala alibe. Wouma mutu, sauzidwa. Anatenga paipi n'kuwonjezera pa bobojani, anthu akuona. Ine ndikanadziwa bwanji?"

Ndinamva kutentha kuja kukukwera, kuchokera pachifuwa kupita m'makutu. Pa tebulo panali sipanala yaikulu pafupi ndi dzanja langa. Amayi anaikankhira kutali ndi chala chimodzi, osandiyang'ana.

Ndinapisa m'thumba la siketi. Sindikukumbuka nthawi imene ndinatiikamo, koma tizinyenyeswa tija tinalimo. Ndinatithira pa kope la a manijala.

"Lembani, abwana. Ndinamanga ndine, onse asanu ndi limodzi. Ndinamva likusweka, sindinaime. Izi ndinazisesa n'kuzibisa. Lembani zimenezo, musachotsepo kanthu." Ndinapitiriza. "Mukatha mulembenso amene anagula zolumikizira za mainchesi. Mulembe amene ndinamuuza kuti chikulowa kawiri ndi theka, iye n'kunena kuti vuto ndi manja a sopo. Mulembe amene anasaina. Mulembe amene analemba makina pa swichi ya fani. Mulembe amene ndamuimbira m'mawa uno isanakwane eyiti, n'kundidulira foni amayi anga ali m'kati. Yanga ndisenza. Ya bambo awa sindisenza."

Ndinaika foni pa tebulo, nambala yake ili pamwamba, ndi nthawi yake.

"Paja manja a sopo aja ndi amene agwira paipi lero," anatero Wayilesi. "Anuwo anali kuti, achimwene? M'thumba?"

A manijala analemba nthawi yaitali. Pomaliza anati kampani ya Kapitawo isadzapondenso pafakitalepo, ndipo inenso chimodzimodzi. Kapitawo anakwera galimoto yake n'kubwerera ku ntchito yake ina, kumene galayindala inkamudikira. Ine ndinatola nsapato zanga pa benchi. Mlonda ananditsegulira geti lonse, ngati ndine lole.

Amayi sanandilankhule Lolemba lonse, ngakhale Lachiwiri. Ankaphika, ankandiikira mbale, ankatsuka yawo yokha. Ndikanakonda akanandimenya. Lachitatu m'mawa ndinawapeza atakhala pa bedi, akuyang'ana chigongono chawo.

Mabokosi atsopano anafika Lachinayi. Madzulo ake amayi analowa, anaika chikwama pampando, n'kuvula nsapato akubuula.

"Kasanu ndi katatu," anatero.

"Amayi?"

"Mazinga ako aja. A Magalasi amamanga, ine ndimawerenga mokweza. Ndinawauza kuti sindilowamo ndisanaone ndekha. Bokosi lililonse, kasanu ndi katatu, ndi zala zokha, bobojani kumapeto. Wayilesi amavomereza ngati kwaya." Anasisita phazi. "Zaka zonsezi ndimadina chinthu chimene sindimachidziwa."

Anatulutsa kanthu m'chikwama n'kukaika pa tebulo. Kanali kachidutswa ka bokosi lija, pakamwa pa bowo, mng'alu uli pakati.

"A Magalasi akuti maso awo atha, akufuna wowathandiza. Akuti alankhula ndi a manijala, ngati ine ndingavomere. Akuti munthu amene wamvapo kaphokoso kaja saiwala."

"Ndiye mwati chiyani?"

"Ndati ndiganiza kaye."

"Amayi, ine…"

"Ulendo watha ndinapinda mawondo chifukwa cha iwe, Kamoto. Munthu anakuseka, iwe n'kukwiya, mkwiyo wakowo n'kuumangirira pakhoma pamene ndimaika chigongono changa." Sanakweze mawu. "Adzakusekanso. Mawa, mkuja, adzakuseka. Ndikufuna ndidziwe kuti tsiku limenelo udzatola paipi kapena udzaika bobojani pansi."

Ndinangotenga kachidutswako. M'mphepete mwake munali mwakuthwa.

Lachisanu anapita kuntchito nthawi yawo ya masiku onse. Ine ndinatsala. Itayandikira hafu eyiti ndinapezeka ndili panja, kuseri kwa nyumba, pamene pamaonekera madenga a mafakitale patali. Ndinkadziwa kuti mazinga ndi asanu ndi atatu. Ndinkadziwa kuti anawerenga okha. Komabe ndinaima pomwepo, kachidutswa kali m'dzanja, ndikuyang'ana kumwamba, mpaka mphindi zisanu zitapitirira foni inanjenjemera m'thumba.

Unali uthenga wa amayi. "Ndikumwa tiyi. Chapa ovolosi ija, yanunkha pa beseni."